Ukonde wa pa limu ya njinga

Limu ya njinga ija ikadali pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya amayi. Mtengo unaimeza mbali imodzi, khungwa linakuta misomali, ndipo ukaigwira, m'manja mumatsala dzimbiri lofiira. Amayi anandiuzapo kawiri kuti ndiizule, akuti ana angavulale. Kachiwiriko ndinawayankha mwano ndipo sanabwerezenso. Ndinalakwa, ndikudziwa. Ine mtima wanga ndi wapachala, pa doko aliyense angakuuzeni. Koma limu imeneyo munthu asaikhudze ndili moyo.

Anaikhoma ndi amalume, achimwene awo a amayi, chaka chimene anabwera kuchokera ku Joni. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndili Sitandade 5. Inali nyengo ya mwera, mphepo yozizira ija imene imang'amba milomo ndi kudzaza mchenga m'maso, nyanja ili gavugavu kuyambira m'mawa. Kwathu kuno, kumunsi kwa Malindi, munthu akamachokera ku Joni timayembekezera galimoto yodzaza matilesi, mawailesi ndi njinga. Amalume anatsika pa matola ndi chikwama chimodzi. M'menemo munali zovala pang'ono, mpira wa basiketi wophwa, kadividi kotsekula ngati buku, ndi chimbale chimodzi. Anali munthu wamtali zedi, wowerama polowa pakhomo, koma thalauza anamanga ndi chingwe chifukwa lamba anali atatha mabowo. Ankatsokomola. Ine ndinkati ndi chifuwa cha mwera.

Chimbale chija ndi chimene chinandisokoneza mutu. Munali zigoli zokhazokha za akatswiri a basiketibolo a kunja, amene amalipidwa chifukwa choponya mpira. Amalume ankakatchaja kadividiko ku golosale, masana n'kutchinga zenera ndi chitenje cha amayi, ife n'kukhala pamkeka. Sindinkamva Chingerezi cha ofotokozawo, ndinkangomva kukuwa. Koma maso ankaona. Panali wina amene tsiku limenelo mkombero unamukulira ngati chitsime: akaponya ali pakona, walowa, ali pakati, walowa, amuikire anthu awiri, atatu, manja ali kumaso kwake, walowabe, mpaka adani ake kumangogwira m'chiuno. Panali wina wamfupi amene anaponya ali kutali, pafupi ndi mzere wapakati pa bwalo, n'kutembenuka kumapita mpira usanafike n'komwe.

Koma chimene amalume ankakonda chinali cha kumapeto. Manambala ofiira akutha pamwamba, timu ili kumbuyo ndi pointi imodzi, munthu walandira mpira anthu awiri atamupanikiza. Akudumpha chagada, thupi likugwa, mpira ukuchoka. Nyali yofiira ikuyaka mpira uli m'mwamba. Kenako ukonde woyera uja ukugwedezeka, bwalo lonse likuphulika. Amalume ankaimitsa chithunzi pamene mpira wangochoka kumene ku zala. «Taona apa, mphwanga. Nthawi isanathe, iye wamaliza kale ntchito yake. Zotsalazo si zakenso.» Ankabwereza kanayi, kasanu, mpaka batire kutha.

Ku Joni ankagwira ntchito yosamalira maluwa pa sukulu ina imene inali ndi bwalo la simenti. Akaweruka, ana onse atapita, ankaponya okha mpaka mlonda kuwathamangitsa. Zaka zisanu ndi chimodzi, tsiku ndi tsiku. Sanasewerepo mu timu iliyonse. Ndi nkhani yokhayo ya ku Joni imene anandiuza.

Anachotsa masipoko pa limu yakale, nandituma kukwera mumtengo ndi hamala, iwo akuloza ali pansi. Mpira tinakapopa kwa wokonza njinga. Kuyambira pamenepo, ndikangoweruka kusukulu, ndinali pansi pa mango. Amalume ankakhala pa mtondo wogwetsa, atafunda bulangeti, akulangiza. Chigongono pansi pa mpira. Maso pa mlomo wa limu. Dzanja litsale m'mwamba ngati ukutenga chinthu padenga. Iwo akaimirira ankalowetsa kasanu motsatizana, kenako mpweya n'kuwathera, n'kukhalanso. Ine pa khumi ndinkalowetsa kawiri. Ndikaphonya ndinkamenya mpira ndi phazi, tsiku lina ndinamenya mtengo ndi chibakera mpaka kusupuka. Anzanga podutsa ankakuwa kuti ndikusewera ntchembere mbaye, andigulire siketi. Mmodzi ndinamuthamangitsa mpaka kumanda, n'kumudyetsa mchenga. Amalume sanandikalipire. Anangoti mkwiyo umaumitsa phewa, ndipo phewa likauma mpira umapita ngati mwala.

Masiku a mwera alovi, anyamata okoka ukonde m'maboti, amangokhala pamtunda alibe chochita. Anamva za kadividi nayamba kudzaza m'nyumba mwathu, fungo la fodya ndi usipa lili thoo. Tsiku lina mkulu wina wa imvi, amene wakhala pa nyanja moyo wake wonse, anaonera mpaka kumapeto. Kenako anati: «Munthu sangaponye chonchi osaphonya ngakhale kamodzi. Taonani ukonde uli pa mkomberowo. Umenewo ndi wosambitsa.» Onse anavomera. Kwathu kuno chilimira chatsopano, ukonde waukulu wa usipa uja, sichilowa m'madzi mwini wake asanachisambitse ndi mankhwala kuti nsomba zizichithamangira. Opita ku mzikiti amadziwa, opita ku tchalitchi amadziwa, palibe amene amafunsa mnzake. Amalume anaseka mpaka kutsokomola. Anati palibe mankhwala, ndi dzanja basi, ndipo zophonya zonse opanga chimbale anazidula. Ndinawamva ndithu. Koma mkulu wa imvi ndi amene ndinamukhulupirira, chifukwa zimene ananena zinali zosavuta kuposa kuponya zaka zisanu ndi chimodzi. Limu yathu inali yamaliseche, yopanda ukonde. Ndinati vuto ndi limenelo.

Sabata imeneyo amalume anagona. Thupi linatentha, amayi ankawapukuta ndi nsalu yonyowa, ankapita kuchipatala kukawatengera mapilitsi ndi kabuku kachikasu. Panja sankatulukanso. Ndinatsala ndekha ndi mpira ndi maganizo anga opusa.

Linali Lachisanu masana, dzuwa lili pamutu. Amuna ambiri anali ku swala ku mzikiti, otsalawo anagona pansi pa chisakasa. Chilimira chachikulu pa doko lonse chinali cha bwana wina wonenepa wa maboti awiri, amene amayi ankagulako usipa woyanika pa thandala lawo. Chinali choyala pa mchenga. Ndinatenga mpeni wa amayi wotumbulira nsomba. Sindinadule m'mphepete ayi. Ndinapita pa thumba penipeni, pamene nsomba zimaunjikana, chifukwa ndinati mankhwala ambiri ali pamenepo. Mchenga unkawotcha mawondo. Ukonde unali kununkha usipa wowola ndi muzu wina wowawa. Pamalopo panali posokedwa ndi ulusi wabuluu. Ndinadula kachidutswa kofanana ndi mpango wa kumutu, n'kukabisa m'malaya, kakundikanda pamimba njira yonse.

Ndinakamangirira ku limu ndi waya. Kuponya koyamba, mpira unalowa n'kulira kuti tswaa, ndendende ngati pa chimbale. Tsitsi linandiima. Tsiku limenelo ndinalowetsa kanayi pa khumi. Lero ndikudziwa kuti mwana woponya miyezi iwiri tsiku ndi tsiku amayamba kulowetsa, ukonde ulipo kapena palibe. Nthawi imeneyo ndinati mankhwala agwira.

Ku doko bowolo analipeza madzulo omwewo posoka. Mwala ukang'amba ukonde umasiya bowo la ulusi wolendewera. Ili linali la mbali zinayi zowongoka, la mpeni. Kwa asodzi zimenezo zili ndi tanthauzo limodzi lokha: wina watenga chidutswa kuti akamange chilimiracho, nsomba zizichithawa. Anasoka, anasambitsanso, koma masabata awiri boti linkabwera ndi usipa wosadzaza ndi beseni lomwe. Ndikunena zoona, maboti onse ankabwera opanda kanthu, mwera unali pachimake. Koma enawo analibe chifukwa, ili linali nacho. Alovi khumi ankabwerera kwa akazi awo manja lendelende. Ndinamva ndi makutu anga amayi akucheza ndi anzawo pa thandala kuti wochita zimenezi akadziwika sadzapondanso m'boti la munthu aliyense, iye ngakhale mwana wake. Pa doko, mwamuna wosaloledwa m'boti ndi munthu wakufa woyenda.

Ndinamva zonsezo. Kukwera mumtengo n'kumasula waya inali ntchito ya mphindi zochepa. Sindinachite. Ndinali nditafika kasanu ndi kamodzi pa khumi, ndipo ndinkafuna amalume akadzuka adzaone. Pa zinthu zonse zimene ndalakwa pa moyo wanga, ndipo ndi zambiri, chimenechi ndi chimene chimandipweteka koposa.

Anaona ndi mlovi wina amene ankasaka mbuzi yake kuseri kwa nyumba. Ulusi wabuluu uja anasoka ndi iyeyo, mfundo zake anazidziwa. Anapita, nabwera ndi gulu. Ndinali nditangovula yunifolomu, mpira uli m'manja, pamene ndinamva mapazi ambiri pa masamba ouma. Bwana wa chilimira anandigwira pamkono, zala zake zolimba ngati chingwe cha nangula. «Wakutuma ndani?» Mayi wina kumbuyo anakuwa kuti anandiona Lachisanu lija ndikupita ku doko ndi mpeni. Khofi linatera, khutu linalira. Amayi anatuluka ndi ufa m'manja nagwada pafumbi, akuti pepani abwana, pepani, ndi mwana. Aphunzitsi anga, amene ankakhala nyumba yachitatu kuchokera kwathu, anabwera akuthamanga nayesa kunena kuti awa ndi masewera chabe. Bwana uja sanawayang'ane n'komwe. «Aphunzitsi, inu za choko. Za nyanja tisiyireni.»

Mkamwa mwanga munali mutadzaza kale mawu. Ndinkafuna kukuwa kuti ndine, ndadula ndine, muchita chiyani. Ndikanakuwadi, ndimadzidziwa. Koma chitseko chinalira.

Amalume anatuluka atagwira khoma, bulangeti lili pamapewa, miyendo ngati mabango. Anayang'ana ukonde uja kamodzi. Anandiyang'ana ine kamodzi. Kenako anati, ndi mawu otsika oti anthu anachita kukhala chete kuti amve: «Musiyeni mwanayo. Mpeniwo ankabweretsera ine. Ndinadula ndekha.»

Bwana uja anaseka. «Inu a ku Joni? Oyenda ndi khoma inu?»

«Mwanayu ukonde angautani?» anatero amalume. «Mupatseni mpira muone.»

Anandikankhira pansi pa mtengo. Diso limodzi linkatuluka misozi chifukwa cha khofi lija. Ndinaponya, mpira sunakhudze ndi limu yomwe. Kachiwiri unamenya nthambi. Kachitatu unagunda limu n'kundibwerera kumaso. Ena anaseka. Ndinkafuna nthaka ing'ambike.

«Mwaona? Mankhwala samudziwa ameneyu,» anatero amalume. «Amadziwa mwini wake. Bweretsa kuno.»

Anagwetsa bulangeti. Anayenda pang'onopang'ono, anthu akupatuka, kudutsa mtondo umene ankakhalapo, kudutsa thandala la mbale, mpaka pafupi ndi khola la nkhuku. Ine pamenepo sindinkafikitsa mpira ngakhale ndi manja awiri. Mwera unkawomba cham'mbali, masamba a mango akuthothoka. Anadikira mphepo ipume. Ndinaona chigongono chikulowa pansi pa mpira, mitsempha ya pakhosi itatuluka. Mpira unakwera pamwamba kuposa denga lathu, n'kutsika. Tswaa.

«Bweza.»

Ndinathamanga kukawapatsa. Kachiwiri, tswaa, osakhudza chitsulo. Wina anayamba kupemphera chapansipansi. Kachitatu mawondo anawakana ali mkati moponya. Anagwa chagada, ndendende ngati munthu wa pa chimbale uja, mpira utachoka kale ku zala, dzanja litatsala m'mwamba. Anafika pansi mpira ukadali m'mlengalenga. Unagunda kumbuyo kwa limu, unazungulira kamodzi, n'kugwera mkati.

Ndinadumpha. Ndinakuwa ndi mawu anga onse, manja m'mwamba, ngati anthu a m'bwalo lija. Ndinakuwa ndekha. Ena onse anali chete, akubwerera m'mbuyo, ndipo chimene chinkamveka ndi amalume akutsokomola pafumbi, malovu ofiira akugwera pa malaya.

Palibe amene anandigwiranso. Anakwera mumtengo, anazula ukonde wawo ndi waya womwe. Azimayi ankandiyang'ana ndi chisoni, akuti mwana wosalakwa kumutuma zinthu zotere. Ena ankati n'chifukwa chake munthuyo akuuma, mankhwala a ku Joni akumudya. Bwana wa chilimira anaima pamaso pa amayi nati malinga ngati munthu ameneyu ali m'nyumba muno, usipa wa boti lake sudzafika pa thandala lawo, ndipo akauza eni maboti onse. Amayi anali ndi ine ndi alongo anga awiri aang'ono. Thandala limenelo ndiye linali munda wathu.

Amayi anakana kuti amalume achoke. Ndinawamva m'mawa mwake akulira, akuti achimwene, mupita kuti muli chonchi, chipatala chili pafupi kuno. Amalume anangoti kuli abale ku Chiponde. Analidi, abale a agogo athu aamuna amene anachokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, anthu oti sitinkayenderana nawo kwenikweni, okhala kutali ndi msewu. Patapita masiku atatu njinga yamoto inabwera m'mawa. Anawakhazika pakati, woyendetsa kutsogolo, aphunzitsi kumbuyo atawagwira kuti asagwe, chifukwa mwamuna wina aliyense wa m'mudzi anakana kuwakhudza. Kadividi anatenga. Mpira anandisiyira. Ndinkayembekezera kuti andikalipira, kapena andifunsa chifukwa chake. Anangondigwira pachigongono, nachikankhira mkati pang'ono, monga ankachitira pansi pa mango. «Zophonya zija amadula, mphwanga. Ndinakuuza.»

Anamwalira mvula isanagwe. Anaikidwa komweko. Kuchokera kwathu kunapita amayi ndi aphunzitsi basi. Mwera utatha usipa unabwerera, monga umabwerera chaka chilichonse kuyambira kalekale, chilimira chija chinayamba kudzaza maboti awiri, ndipo anthu anati mwaona, wachoka mwini zake. Asa! Mpaka lero ndikamva munthu akunena zimenezo magazi amandikwera kumutu.

Sukulu sindinapite nayo patali. Ndili Sitandade 7 mnyamata wina ananditchula mphwake wa mfiti pamzere wa m'mawa. Ndinamuthyola mphuno ndi mwala. Aphunzitsi aja anabwera kunyumba kawiri kudzandinyengerera kuti ndikapepese ndibwerere. Ndinakana. Chaka chotsatira ndinalowa m'boti, ndipo palibe amene ananditsekera. Lero ndine mlovi. Ndimakoka chilimira cha mwana wa bwana yemwe uja, ndipo amati ndine wamphamvu, kungoti wovuta.

Amayi anandiuza zoona zake ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, tikutembenuza usipa pa thandala, osandiyang'ana. Anati iwo anadziwa tsiku lomwelo, chifukwa mpeni wawo anaupeza uli ndi ulusi wabuluu pachigwiriro. Anati atawafunsa amalume chifukwa chodzisenzetsa mlandu, anayankha kuti kuchipatala anawauza kale asanachoke ku Joni. Iwo anatsala ndi miyezi yokha ya moyo. Mwanayu watsala ndi moyo wonse pa doko lino. Ndinapita kuseri kwa nyumba n'kumenya mtengo uja mpaka zala ziwiri kuthyoka. Chimodzi chinapola chokhota, ndipo mpira sindingathenso kuuponya bwino.

Masiku ano ndimaonera basiketibolo pafoni, masewero athunthu, tikamadikira mphepo. Amaphonya, aise. Akatswiri omwe aja amaphonya kambirimbiri, ena ali okhaokha pansi pa mkombero, ndipo sakwiya, amangothamanga kubwerera. Anzanga amakonda tizidutswa ta zigoli zotchuka, amakangana kuti chachikulu ndi chiti, cha uyu kapena cha uyo. Ine sindilowerera. Ndinaona munthu wa mapapo obowoka akuponya katatu mu mwera, pa limu ya njinga, akudziwa kuti akaphonya kamodzi kokha anthu atembenukira kwa ine, ndipo akalowetsa sadzafera m'nyumba ya mlongo wake.

Mwana amene anaima pansi pa mango tsiku lija sankadziwa zimenezo. Ankaona mpira ukulowa, ankamva tswaa, ankanyadira kuti amalume ake awaonetsa anthu onsewo. Mumtima ankati mankhwala ake agwiradi ntchito, ndipo chimene chinkamupweteka, pamene amalume ankalavula magazi pafumbi, chinali chakuti ukonde wake akuuchotsa.